Kukazinga Khofi Kunyumba: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene ayamba kukazinga okha khofi, kaya pachiwaya kaya ndi kamakina kogula. Madigiri onse amene tatchula ndi a Celsius. Muwatenge ngati poyambira chabe, chifukwa choyezera kutentha chimawerenga mosiyana malinga ndi pamene mwachiika. Makutu ndi mphuno zanu n'zodalirika kuposa manambala a makina a munthu wina.

Kodi chimachitika n'chiyani njere za khofi zikakhala pamoto?

Khofi wosakazinga ndi njere zolimba, zobiriwira motuwa, zonunkha ngati udzu wouma. Mkati mwake muli madzi okwana 10 mpaka 12 peresenti, ndipo ntchito yoyamba ya moto ndi kuwatulutsa. Mphindi zoyambirira palibe chosangalatsa: njere zimangosintha pang'onopang'ono kukhala zachikasu, fungo la udzu lija n'kusanduka ngati la buledi amene ali mu uvuni. Zikafika cha m'ma madigiri 150, shuga ndi ma amino acid a m'njeremo amayamba kugwirana, zimene asayansi amazitcha Maillard reaction, ndipo mtundu wa bulauni ndi kununkhira kwenikweni kwa khofi zimayambira pamenepa. Kupitirira madigiri 170, shugayo amayamba kupsa monga amachitira mukamusungunula mupoto.

Nthawi yonseyi nthunzi ndi mpweya wa carbon dioxide zimakhala zikuunjikana mkati, mpaka njere imalephera kupirira n'kung'ambika. Phokoso lake, limene timalitcha kuthetheka, ndi limene wokazinga aliyense amalitchera khutu. Pomaliza njere zimakhala zafufuma, zapepuka, ndipo zimaphwanyika mosavuta.

Ndiyambe ndi chipangizo chanji?

Yambani ndi chimene muli nacho kale. Chiwaya chochindikala chimaphunzitsa zambiri chifukwa mumaona, kumva ndi kununkhiza chilichonse, ngakhale kuti njere sizipsa mofanana. Makina a magetsi okazingira mbuliwuli ndi mpweya wotentha ndi amene anthu ambiri amayambira, ndipo amapsetsa mofanana kuposa chiwaya. Ena amagwiritsa ntchito heat gun, chipangizo chija chomatulira penti, n'kumaulozetsa mpweya wake m'mbale yachitsulo uku akutakasa.

Uvuni ife timauika kumapeto. Umatheka: muutenthetse mpaka madigiri 240, muyale njere pathireyi yobooka mabowo osazisanjikiza, ndipo zimapsa pa mphindi 10 mpaka 15. Koma za m'mphepete zimapsa msanga kuposa za pakati, simumva bwino kuthetheka, ndipo utsi wonse umakupezani kumaso mukatsegula chitseko.

Makina opangidwira khofi alipo a mitundu iwiri: ouluza njere ndi mpweya wotentha, monga Fresh Roast SR540 amene amatenga magalamu pafupifupi 120, ndi a mgolo wozungulira, monga Gene Cafe wa magalamu 250, Behmor wa magalamu pafupifupi 450, ndi Aillio Bullet R1 amene amatenga kilogalamu yathunthu. Musathamangire kugula musanakazinge kakhumi ndi njira yosavuta. Makina sangakuuzeni khofi amene mumakonda.

Zimene simungachite popanda izo ndi sikelo yowerenga magalamu, wotchi yowerenga masekondi, masefa awiri achitsulo, ndi magolovesi osamva kutentha.

Nanga pachiwaya ndichite bwanji?

Sankhani chiwaya cholemera, chouma, chopanda mafuta kapena fungo la zakudya. Chopaka zinthu zoletsa kumata chija musachigwiritse ntchito, chifukwa sichinapangidwe kuti chikhale chouma pamoto wotere kwa nthawi yaitali. Pachiwaya cha masentimita 26 mpaka 28, magalamu 200 mpaka 250 amakwana. Zikachepa kwambiri, njere iliyonse imangogona pachitsulo n'kupserera mbali imodzi. Zikachuluka, za pamwamba zimatsalira.

Tenthetsani chiwaya pamoto wapakati kwa mphindi zingapo, thirani njere, yambitsani wotchi, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lisapume. Muzitakasa motembenuza, za pansi zibwere pamwamba, osati kungozikankha uku ndi uku. Mukasiya masekondi 15 okha, mupeza madontho akuda.

Muyembekezere chikasu pa mphindi 4 mpaka 5, bulauni wowala pa mphindi 7, kuthetheka koyamba pa mphindi 8 mpaka 10, ndi kuphula pa mphindi 11 mpaka 14. Ngati pa mphindi 3 zada kale, moto wachuluka: kunja kwapsa, mkati mukadali mwauwisi. Ngati pa mphindi 13 simunamve kuthetheka, moto unachepa kuyambira pachiyambi, ndipo kuukoleza panopo sikubweza kukoma kumene kwapita kale. Malizani, mumwe kuti mudziwe mmene cholakwikacho chimamvekera, ulendo wina muyambe ndi moto wokulirapo.

Makina a mbuliwuli aliwonse amatheka?

Ayi. Suzumirani mkati. Ofunika ndi amene mpweya umalowera m'timipata ta m'mbali n'kumazunguza njere. Amene ali ndi kasefa pansi penipeni ndi oopsa, chifukwa mankhusu, timakoko tosupuka pa njere, amatha kugwera pa waya wotentha n'kuyaka.

Kuchuluka kwa njere kumadziwika ndi mmene zikuyendera. Yatsani makina, thirani pang'onopang'ono mpaka njere zikungozungulira mwaulesi. Nthawi zambiri ndi magalamu 70 mpaka 100. Mphindi yoyamba muzithandizira kutakasa ndi chogwirira cha supuni yamtengo, pakuti zikadali zolemera. Zikauma zimayamba kudumpha zokha. Pali chinthu china chimene chimasokoneza oyamba kumene: m'makina amenewa, njere zochuluka zimapsa msanga kuposa zochepa, chifukwa zimatsekereza mpweya wotentha kuti usathawe. Choncho ngati zikupsa mothamanga, chepetsani njere, osati kuwonjezera.

Kuthetheka koyamba kumabwera pa mphindi 3 mpaka 5, ndipo zonse zimatha pa mphindi 5 mpaka 7. Chivundikiro chapulasitiki chimapindika ndi kutentha pakapita nthawi. Muwapumitse makinawo azizire musanathire njere zina, ndipo mudziwiretu kuti sadzakhalitsa, popeza mukuwagwiritsa ntchito imene sanapangidwire.

Kuthetheka koyamba ndi kwachiwiri ndikusiyanitsa bwanji?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse, chifukwa zonse zimawerengedwa kuchokera pa kuthetheka koyamba. M'mabuku ndi pa intaneti mudzakupeza kukutchedwa first crack ndi second crack.

Koyamba kumabwera cha m'ma madigiri 196. Ndi kokweza, ngati kuthyoka kwa timitengo touma: imodzi apa, ina apo, kenako zambiri motsatizana, n'kuyamba kuchepa. Kumatenga mphindi imodzi kapena iwiri. Njere imodzi ikathetheka yokha musayambe kuwerenga, pamakhala zina zofulumira. Dikirani mumve zitatu kapena zinayi motsatizana, ndipo lembani nthawiyo.

Kenako pamakhala bata. Batali likhoza kutenga masekondi 30 kapena mphindi ziwiri, malinga ndi kukula kwa moto. Kwachiwiri kumabwera cha m'ma madigiri 224, ndipo ndi kwapansipansi komanso kofulumira, ngati mafuta akamathetheka m'chiwaya muli kadontho ka madzi. Apa n'kuti thupi la njereyo likuswekasweka, mafuta akutulukira kunja, ndipo utsi umachuluka n'kuyamba kuyabwa m'maso.

Ngati simunamve bata lililonse, kuthetheka koyamba kwangolumikizana ndi kwachiwiri, ndiye kuti moto unali waukulu pofika pamenepo. Pofika apa njere zimakhala zauma ndipo zimatentha msanga, n'chifukwa chake okazinga odziwa amachepetsako moto kukatsala pafupifupi mphindi imodzi kuti kuthetheka kuyambe. Kuchepetsako, osati kuzimitsa. Kutentha kwa njere kuzikwerabe, koma mwapang'onopang'ono. Kukangoima kapena kutsika, khofi amasukuluka.

Ndiphule nthawi yanji?

Zikutengera khofi amene mukufuna. Mukaphula kuthetheka koyamba kukungotha kumene, mupeza khofi wowala, wouma kunja, wamakwinya pang'ono, amene amawawasa ngati chipatso ndipo amaonetsa bwino dera limene anachokera. Mukadikira pakati pa bata lija, njere zimasalala, kuwawasa kumachepa, kutsekemera kumakula. Anthu ambiri amakhutira ndi apa, ndipo ndi pamene timalangiza oyamba kumene. Mukamva kuthetheka kwachiwiri kukungoyamba, ndiye khofi wakuda pang'ono, wolemera mkamwa, wabwino kuthira mkaka. Kupitirira masekondi 30 mpaka 60 m'kuthetheka kwachiwiri, chimene mukumva m'kapu ndi moto, osatinso njereyo, ndipo wa ku Kenya ndi wa ku Brazil amayamba kufanana. Mukapitirirabe mupeza makala, kenako malawi.

Okazinga ambiri amayesetsa kuti nthawi yochokera pa kuthetheka koyamba kufika pophula ikhale 15 mpaka 25 peresenti ya nthawi yonse. Ngati kunayamba pa mphindi 9 ndipo mwaphula pa 11, ndiye mphindi 2 mwa 11, zimene ndi 18 peresenti. Si lamulo, koma zimathandiza poyerekeza lero ndi dzulo.

Muphule kutatsala pang'ono kuti mtundu umene mukufuna ufike, chifukwa njere zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe.

Kuziziritsa n'kofunikadi chotere?

Eya. Njere zizizire moti mungazigwire ndi manja pasanathe mphindi 4 kapena 5. Zikhuthulireni m'sefa yachitsulo, muzizitsanulira mu inzake mobwerezabwereza patsogolo pa fani kapena panja pamene pakuwomba mphepo. Mankhusu amauluka nthawi yomweyo. Njira yachangu kuposa ndi kuika sefa pamwamba pa fani yokoka mpweya chopita pansi. Musaziunjike m'mbale yakuya, musazivundikire, musazithire madzi, ndipo sefa yapulasitiki imasungunuka.

Timakoko touluka tija n'chiyani, ndipo utsi ndithana nawo bwanji?

Ndi kakhungu kopyapyala kamene kamakuta njere, ndipo kamasupuka njere ikamafufuma. Mankhusu amenewa alibe vuto akatsalirako pang'ono m'khofi. Vuto lake ndi moto: ndi ouma, opepuka, ndipo amayaka ngati pepala. Ngozi zambiri za moto m'makina okazingira zimayambira pa mankhusu osachotsa, choncho muzikhuthula kabokosi kamene amagweramo nthawi iliyonse mukamaliza.

Utsi ulipo ndithu, ndipo sununkhira ngati khofi wa m'kapu. Umayamba pa kuthetheka koyamba n'kuchuluka kwambiri pa kwachiwiri, ndipo muli mpweya wa carbon monoxide umene suoneka komanso sununkha. Kazingirani panja, pafupi ndi zenera lotsegula, kapena pansi pa fani yotulutsa utsi kunja. Musachoke pamalopo ngakhale kamphindi kuti muyankhe foni, chifukwa kuchoka pa khofi wakuda kufika pa moto ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Njere zikayaka m'makina, zimitsani magetsi, musatsegule chitseko chifukwa mpweya umakoleza moto, ndipo musathire madzi makina akadali olumikizidwa ku magetsi. Pachiwaya, zimitsani moto ndi kuvundikira ndi chivundikiro chachitsulo. Chozimitsira moto chizikhala pafupi.

Khofi wanga sakukoma. Ndalakwitsa pati?

Musanaimbe mlandu kakazingidwe, onetsetsani kuti khofiyo wapuma masiku angapo, mwamupera bwino, ndipo mwayeza: magalamu pafupifupi 60 pa lita imodzi ya madzi ndi poyambira pabwino. Ngati zimenezo zili bwino, kakomedwe kake kamanena kokha pamene panalakwika.

Akamawawasa moluma, n'kumamveka udzu kapena nyemba zosapsa, ndiye kuti mkati simunapse. Mwina munaphula msanga, mwina moto unali waukulu moti kunja kunada mkati musanafike. Swani njere imodzi ndi chala chachikulu patebulo. Yopsa bwino imaphwanyika mosavuta ndipo mtundu wa mkati umafanana ndi wa kunja. Ikakanika kusweka, kapena mkati mukakhala mowala kuposa kunja, wonjezerani masekondi 20 mpaka 30 kuthetheka kukayamba, kapena chepetsani moto wa pachiyambi kuti kuuma kutenge nthawi yokwanira.

Akakhala wosukuluka, wopanda kuwawasa, wopanda kutsekemera, ngati mukumwa madzi a katoni, ndiye kuti anakhalitsa pamoto wofooka kapena kutentha kunaima pakati. Vuto limeneli ndi lopusitsa chifukwa njere zimaoneka zokongola kwambiri, zofanana mtundu, zopanda banga. Kawirikawiri limachitika munthu akaopa kupsereza n'kutsitsa moto mopitirira pa kuthetheka koyamba, kapena akathira njere zambiri kuposa mphamvu ya makina ake. Mankhwala ake ndi moto wokwanira pachiyambi ndi njere zocheperako, kupatula m'makina a mbuliwuli mmene njere zochepa zimachedwa kupsa.

Akamawawa ngati phulusa pamene mtundu wake si wakuda, yang'anani njere pafupi. Zigamba zakuda pa mbali yafulati zikusonyeza kuti chitsulo chinatentha kwambiri pothira njere kapena simunatakase mokwanira. Timadontho takuda kunsonga tikusonyeza kuti kutentha kunakwera mothamanga, nsongayo n'kupserera chifukwa ndi yopyapyala. Timaenje tozungulira, ngati pagamphuka kachidutswa, timabwera pothamangira m'kuthetheka kwachiwiri. Ndipo ngati zonsezi palibe koma utsi ukumvekabe m'kapu, mpweya sunkayenda bwino m'makina, njere zinakhala mu utsi wake womwe.

Mukamakonza, sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse. Mukasintha moto, kuchuluka kwa njere ndi nthawi yophula zonse pamodzi, khofi akakoma simudziwa chimene chathandiza.

Njere zina zimatsala zotuwa pakati pa zinzake. Ndi vuto langa?

Nthawi zambiri ayi. Zimenezo zinathyoledwa zisanakhwime, zilibe shuga wokwanira woti zide, ndipo ngakhale mutazikazinga motani zimatsalabe zotuwa. Okazinga amazitcha ma quaker. Zitoleni n'kutaya mukamaliza kuziziritsa, chifukwa zingapo zokha zimasukulutsa kapu yonse. Muzisankhanso khofi musanakazinge: kamwala kamodzi kakhoza kuwononga mano a chopelera.

Ndingamwe tsiku lomwelo?

Mungamwe, koma simumupeza pachimake. Njere zongokazinga kumene zimakhala zodzaza carbon dioxide, ndipo mpweyawo umatchinga madzi kuti asalowe bwino mu ufa. Mumaona thovu lambiri, koma khofi amamveka waukali ndi wosakhazikika. Wa fyuluta kapena French press (kajagi ka sefa yokankhira pansi) mumupumitse masiku awiri kapena atatu. Wa espresso, wopanga ndi makina okankha madzi mwamphamvu mu ufa, amafuna masiku 5 mpaka 10. Wowala amafuna kupuma nthawi yaitali kuposa wakuda, popeza thupi lake ndi lothinana ndipo mpweya umatuluka mochedwa. Kulawa khofi yemweyo pa tsiku lachiwiri, lachisanu ndi lakhumi kumaphunzitsa zambiri kuposa kuwerenga za izo.

Ndisunge bwanji wokazinga ndi wosakazinga?

Wokazinga adani ake ndi mpweya, kuwala, kutentha ndi chinyezi. Matumba okhala ndi kavalavu kotulutsa mpweya koma osalowetsa ndi abwino kwambiri. Ngati ndi botolo, tsiku loyamba musamange chitsekerero kwambiri kuti mpweya uzituluka, kenako mumange. Muzipera wokwanira kumwa nthawi yomweyo. Amakoma bwino kwa milungu itatu kapena inayi, ndipo wakuda wamafuta kunja amaguga msanga kuposa pamenepo. Mufiriji wamba musaikemo, amatenga fungo ndi chinyezi. Mufiriza n'zotheka, bola mugawe m'timapaketi totseka bwino ndipo mukatulutsa musabwezerenso.

Wosakazinga amapirira. Pamalo ozizira, ouma, opanda dzuwa, kutali ndi sopo, petulo kapena zokometsera zakudya, amakhala miyezi 6 mpaka chaka. Akakalamba amatuwa n'kuyamba kumveka ngati thabwa kapena chiguduli, ndipo palibe kakazingidwe kamene kangachotse zimenezo.

Ndigule khofi wamtundu wanji poyamba?

Wa mtengo wa mtundu wa arabica, wotsuka, wa njere zofanana kukula, monga wa ku Colombia kapena ku Guatemala. Wotsuka ndi amene chipatso chake chinachotsedwa njere zisanayanikidwe: amasintha mtundu mofanana, mankhusu ake ndi ochepa, ndipo amathetheka momveka. Woyanika ndi chipatso chomwe, wofala ku Ethiopia ndi ku Brazil, amakoma mwa zipatso koma ali ndi mankhusu ambiri ndipo mtundu wake umakhala wamawangamawanga, moti maso angakunamizeni. Njere za kumapiri aatali, ngati zambiri za ku Kenya, ndi zolimba ndipo zimapirira moto waukulu pachiyambi. Za m'madera otsika ndi zofewa, zimapserera msanga. Wochotsedwa kafeini mumusiyire mtsogolo, chifukwa amabwera ali wabulauni kale ndipo amathetheka monong'ona.

Gulani makilogalamu awiri a khofi mmodzi m'malo mogula timapaketi khumi tosiyanasiyana. Simungaphunzire kuwongolera moto ngati njere zikusintha tsiku lililonse.

Kodi wakuda ndiye ali ndi kafeini wambiri?

Ayi, kuwawa si kafeini. Kafeini sasintha kwenikweni ndi kukazinga. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi mtundu wa mtengo: robusta ali ndi kafeini pafupifupi kuwirikiza kawiri wa arabica.

Ndizilemba chiyani, ndipo kuyeza kulemera kumathandiza chiyani?

Lembani tsiku, dzina la khofi, kulemera musanakazinge ndi mutakazinga, nthawi imene zinafika pachikasu, nthawi ya kuthetheka koyamba, nthawi yophula, ndi mmene anakomera patapita masiku. Kulemera ndi mboni yosanama kuposa maso, chifukwa mtundu umasintha ndi kuwala kwa m'chipinda. Mukathira magalamu 250 n'kutulutsa 212, mwataya 38, zimene ndi 15 peresenti. Wowala amataya 11 mpaka 14 peresenti, wapakati 14 mpaka 17, wakuda 18 kupita m'mwamba. Amene ali ndi makina olumikizika ku kompyuta amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Artisan kujambula mmene kutentha kukukwerera, koma kope ndi cholembera zimakwanira kwa nthawi yaitali.

Pofuna kuyerekeza makazingidwe awiri, chitani monga amachitira akatswiri olawa khofi. Thirani magalamu 8.25 a khofi wopera mokhakhala pang'ono m'kapu iliyonse, onjezerani mamililita 150 a madzi a madigiri pafupifupi 93, dikirani mphindi 4, swani chikhungu cha pamwamba ndi supuni uku mukununkhiza, yengulani thovu, ndipo muzilawa ndi supuni pamene akuzizira. Zolakwika zambiri zimabisala khofi akatentha, zimaonekera akafunda.

Ndachita chimodzimodzi ngati dzulo, koma lero zachedwa. Chifukwa chiyani?

Makina ang'onoang'ono amamva nyengo. Kukazizira kapena kukamawomba mphepo, mpweya umene akukoka umakhala wozizira ndipo kuthetheka kumachedwa, nthawi zina osafika n'komwe. Chingwe chachitali cholumikizira magetsi, makamaka chopyapyala, chimachepetsa mphamvu yofika ku makina, chimodzimodzinso ketulo kapena hita ikayaka pa mzere womwewo. Ulendo wachiwiri umathamanga kuposa woyamba chifukwa chitsulo chatentha kale. Njere nazonso zimauma pang'onopang'ono m'thumba pamene miyezi ikupita.

Tsiku lozizira, tenthetsani makina mphindi imodzi kapena ziwiri musanathire njere, atchingireni mphepo popanda kutseka malo olowera mpweya, ndipo alumikizeni molunjika pakhoma. Pa makina a mbuliwuli, wonjezerani njere magalamu 10. Pa a mgolo, chepetsani.